Ng'ombe Zopanda Mwini

Mutu 5

1. Chitsulo cha Lolemba

Chitsulo choitanira antchito chinalira monga mwa masiku onse. Zita anadzambatuka, nasukusula, natsetsereka ndi kanjira kopita ku kinta, munda waukulu wa mzungu umene unali kutsidya kwa dambo, kufupi ndi Lifidzi.

Munali m'chaka cha 1974, mvula isanayambe. Zita anali ndi zaka khumi ndi zisanu ndi ziwiri, ndipo anali atagwira ntchito yokama ng'ombe pa kintapo miyezi isanu ndi inayi.

Lachisanu lapitalo mwini kinta, Sinyolo Barreto, amene antchito ankamutcha patarawu, anapakira akazi ake, mipando ndi agalu awiri pa kamiyawu, galimoto lalikulu la katundu. Anati akupita ku Tete kukaonana ndi dotolo. Koma palibe amene anamvapo kuti mipando imadwala. Nkhondo inali itatha, ufulu unali pafupi, ndipo azungu ambiri ankachoka choncho.

Ng'ombe zinalipo makumi awiri ndi zinayi, okama asanu ndi mmodzi. Koma m'kholamo Zita anapeza a Victorino okha. Iwo ndiwo anali mkulu wa okama, nkhalamba ya imvi mutu wonse. Ndiwonso ankaimba chitsulo.

"Wachedwa," anatero osacheuka.

"Pepani, agogo. Nanga anzanga ali kuti?"

"Ukawafunse wekha. Ine ndimaweta ng'ombe, sindiweta anthu."

Popita kukatunga madzi otsukira ndowa, Zita anawapeza anzake anayi atakhala pachipata. Pakati pawo panali Horácio, msuweni wake, atanyamula radiyo.

"Suweni, tandiuza," anatero Horácio. "Ukukamira ndani?"

"Ndikukama basi."

"Patarawu wathawa. Ntchito ya ukapolo yatha. Radiyo ikunena tsiku ndi tsiku kuti tizigwira ntchito yomanga dziko lathu. Tsono iwe ukumanga dziko la ndani kunsi kwa ng'ombe ya Barreto?"

Anyamata awiri anaseka. Cacilda, mtsikana mnzake wa Zita, anangoyang'ana pansi.

"Ukapitiriza," anawonjezera Horácio, "anthu adzati ukusungira mzungu chuma chake kuti akabwerera adzachipeze. Dzina limenelo likakumata silidzachoka."

Zita anasenza madzi ake n'kubwerera kukhola.

2. Mawu a nkhalamba

Ntchito ya anthu asanu ndi mmodzi inagwera anthu awiri. Anamaliza dzuwa lili pamutu, zala za Zita zitauma ngati timitengo.

A Victorino anakhala pa kampando kokamira namuitana.

"Mwana wa Mário, khala pansi undimve. Ine ndinabwera pano ndili mnyamata, ng'ombe zili zitatu. Miyala ya khola ili ndinasenza ndine. Taona chala ichi. Patarawu anachithyola ndi mbalamatodya, thabwa lomenyera m'manja lija, chifukwa thole linafa ine ndili ku maliro a mayi anga. M'mawa mwake ndinabwera kudzakama ndi dzanja limodzi. Usaganize kuti ndinkamukonda mzunguyo. Ndinabwera chifukwa mkaka unali m'bere, ndipo ng'ombe sidziwa za maliro.

"Ana a lero mukapatsidwa ntchito mumayamba ndi mafunso. Wandituma ndani? Ndiweruka ola yanji? Bwanji uje wakhala pansi? Ife tinkayamba ndi manja, mafunso pambuyo, ndipo pofika madzulo mafunso ambiri anali atatha okha.

"Za ufulu ndamva. Ndikuufuna kuposa Horácio, chifukwa amene anamenyedwa ndine. Koma munthu wozolowera kusiya ntchito pakati chifukwa woyang'anira wachoka, adzaisiyanso pakati ngakhale ili yake. Zimene ukuphunzitsa manja ako pa ntchito ya mwini ndi zomwe adzachite m'munda mwako."

Zita anagwedeza mutu. Mawuwo anamulowa, ndipo anachita manyazi kuti m'mawa anatsala pang'ono kukhala ndi anzake aja pachipata.

Kenaka anakweza zigubu za mkaka pa kangolo n'kukankhira kumsewu. Kumeneko ndi kumene kamiyawu ya ku Vila, kutawuni, inkadzatengera mkaka tsiku lililonse. Koma chichokere patarawu kamiyawuyo sinaonekenso. Zigubu za dzulo zinali pomwepo, mkaka utasasa ndi dzuwa.

A Victorino anatsegula chigubu choyamba n'kukhuthulira mu ngalande. Anatsegula chachiwiri. Amayi atatu obereka ana, amene ankachokera kudimba, anaima n'kumayang'ana mkaka ukuyenderera m'fumbi.

"Agogo," anatero Zita, "bwanji walerowu osawapatsa amayiwa? Nawonso usasa."

"Si wathu."

"Nanga ndi wa ndani?"

"Wa mwini wake."

"Mwini wakeyo ali kuti?"

"Ndanena kale za mafunso," anatero a Victorino, natsitsa zigubu za lero n'kuziimika bwinobwino pamthunzi.

Zita anayang'ana zala zake, nayang'ananso ngalande. Mawu amene anamulowa kukhola aja sanathenso kuwagwirizanitsa ndi zimene ankaona.

3. Mawu a amayi

Kunyumba anapeza amayi ake, a Bernadete, akuunda mizere m'munda wa kuseri. Anawafotokozera zonse. Amayiwo anabaya khasu pansi n'kulitsamira.

"Victorino wakuonetsa chala chake? Amaonetsa aliyense. Nanga za bambo ako wakuuza?

"Bambo ako anali ngati iyeyo. Chitsulo chisanalire iwo ali kale panjira. Matumba a mbatata ankasenza awiriawiri anzawo akusenza limodzi. Patarawu ankawaloza ndi ndodo n'kumauza anyamata kuti, onani Mário, khalani ngati Mário. Iwo n'kumabwera kuno akusekerera. Chifuwa chitawagwira anapitabe, mvula ikugwa. Pamene ankagona pamphasa, munda uno unali thengo, chifukwa mphamvu zonse anazisiya kutsidyako. Tsiku la maliro patarawu anatumiza gombeza limodzi. Lolemba lake, pamalo pa bambo ako panali kale munthu wina.

"Khama ndi labwino, mwanangu, koma uziona kumene likugwera. Akuluakulu ena amatamanda kuvutika chifukwa china chilichonse choti atamande alibe. Akavomera kuti anavutika pachabe, atsala ndi chiyani? N'chifukwa chake amafuna kuti nanunso muvutike chimodzimodzi. Ine mwamuna ndinapereka kale ku kinta. Mwana sindipereka."

"Ndiye kuti a Horácio akunena zoona?" anafunsa Zita.

"Horácio? Amene chaka chino sanagwirepo khasu m'munda mwa mayi ake? Usandifunse za ameneyo."

"Nanga ndimvere ndani?"

"Mvera ine. Tenga khasu."

Lachiwiri chitsulo chinalira. Zita anatenga khasu. Lachitatu chinaliranso, ndipo anatenganso khasu. Koma Lachitatu lomwelo, dzuwa litapendeka, ng'ombe zinayamba kulira kutsidya. Sikunali kulira kwa njala. Zita ankakudziwa kulira kumeneko. Anasemphanitsa mizere iwiri, amayi ake namukalipira.

Lachinayi kunacha, dzuwa linatuluka, koma chitsulo sichinalire.

Zita anaunda theka la mzere n'kuima. Amayi ake nawonso anali ataima, akuyang'ana kutsidya.

"Ukupita kuti?" anafunsa ataona kuti wagoneka khasu.

"Kukangoona."

"Ndinakuuza chiyani?"

"Ndamva, amayi. Ndikukangoona."

Atafika padambo anayamba kuthamanga.

4. Zimene anapeza

A Victorino anali atakhala pansi m'khola, atatsamira khoma. Bondo lawo lamanzere linali litatupa ngati dzungu. Ndowa inali itagubuduka pambali.

"Ndinati ndiyambe msanga, popeza ndili ndekha," anatero. "Pintada wandiponda. Si kulakwa kwake. Bere likumupweteka."

Zita anayang'ana Pintada ndi ng'ombe zinzake. Masiku awiri aja nkhalambayo inkangokwanitsa kukama khumi. Zotsalazo mabere anali atauma gwa, mkaka ukudontha wokha. Zina zinkaponda pansi, zina zinkanyambita khoma.

Kuseri kwa khola kunali kakhola ka mathole asanu ndi anayi. Lamulo la pa kinta linali lakuti mathole asayamwe okama asanamalize. Zita anapita n'kugwira mtengo wotsekera.

"Ukutani?" anakuwa a Victorino. "Mathole sayamwa m'mawa!"

"Manja anga ndi awiri, agogo. Awa ali ndi pakamwa."

"Zaka makumi atatu sizinachitikepo zimenezo!"

Zita anasolola mtengo. Mathole anathamangira kwa amawo, ndipo posakhalitsa ng'ombe zisanu ndi zinayi zinaleka kulira. A Victorino anatembenuzira nkhope kukhoma.

Zotsalazo zinali zambiribe, ndipo nkhalamba inafunika kupita kuchipatala. Zita anathamanga kukafuna anthu. Ankaganiza kuti Horácio amupeza pamthunzi ndi radiyo yake.

Anamupeza pachitunda cha kumtunda kwa mudzi, atasenza mtengo wa bulugama. Malaya anali atavula, phewa litasupuka. Cacilda ndi anyamata awiri aja ankakumba maenje. Mizati isanu ndi itatu inali itaima kale.

"Mukumanga chiyani?" anafunsa Zita.

"Sikola ya akuluakulu," anatero Cacilda. "Amayi athu aphunzire kulemba maina awo. Tinayamba Lachiwiri, kusanache."

Zita anawayang'ana. Anthu amene ankatchedwa aulesi aja thukuta linali kamukamu, popanda chitsulo chowaitana.

Atawauza za kukhola, Horácio anatula mtengo.

"Bere la ng'ombe ya Barreto sindidzaligwiranso," anatero. "Ndinalumbira pamaso pa anzangawa. Koma nkhalambayo ndikaitenga."

Onse anatsetsereka, Horácio akukankha njinga.

A Victorino atamuona anakwinya nkhope. "Waulesi iwe, wadzatani?"

"Ndadzanyamula wakhama."

Nkhalambayo inafuna kuyankha, koma maso ake anagwera pa phewa la mnyamatayo. "Phewalo watani?"

"Mitengo ya sikola."

"Wakutuma ndani?"

"Palibe."

"Nanga mumaweruka ola yanji?"

"Kukada."

A Victorino anati, "Mitengo ya bulugama sasenza paphewa lopanda nkhata. Ngakhale zimenezo simudziwa." Atatero anakankha dzanja la Horácio. "Pano sindichoka ng'ombe zisanakamidwe."

"Agogo, bondolo likutupirabe."

"Litupe."

Anayang'anizana, wina osafuna kukama, wina osafuna kunyamulidwa. Zita anawasiya choncho. Anatola ndowa, naitsuka, nakhala pansi pa Pintada. Anaisisita bere ndi madzi ofunda kufikira inaleka kuponda. Mkaka woyamba utalira m'ndowa, Cacilda anakoka kampando n'kukhala pambali pa ng'ombe yotsatira. Anyamata awiri aja anayang'ana Horácio, kenaka nawonso anatenga ndowa.

Horácio sanakame. Koma madzi onse anatunga ndiye, ndipo zigubu zonse ananyamula ndiye.

5. Mkaka upite kuti?

Atamaliza panali zigubu zisanu zodzaza.

"Kumsewu," anatero a Victorino.

Zita sanagwire kangolo. Anapempha Cacilda kuti akauze amayi a m'mudzi abwere ndi miphika.

"Mwana wa Mário," anatero a Victorino, "mathole ndakulekerera. Ichi chokha undimvere. Ine zaka zonsezi sindinamwepo mkaka wa pano ngakhale wa pachikhatho. N'chifukwa chake ndimayenda m'mudzi muno mutu uli m'mwamba. Ukagawa lero, mawa adzabwera ndi miphika yaikulu. Mkuja adzakangana kuti uje walandira wambiri. Tsiku lina wina adzati, mkaka wokhawokha bwanji, nyama ilipo. Ndipo zikadzavuta palibe adzakumbukire kuti ana ake anamwa. Adzangoti anayambitsa ndi mwana wa Mário. Chinthu cha mwini chimavuta kuchigwira koyamba kokha. Kachiwiri dzanja limapita lokha."

Zita anatembenukira kwa Horácio, poganiza kuti iye ndiye amuikira kumbuyo.

"Apa nkhalamba yalasa pang'ono," anatero Horácio. "Ukugawa ngati ndiwe patarawu watsopano. Zotere amagamula ndi anthu onse pamsonkhano."

"Msonkhanowo ndi wa liti?"

"Mwina Lamulungu."

"Pofika Lamulungu mkakawu udzakhala uli mu ngalande."

"Ukhoza kutero. Koma dongosolo ndi dongosolo."

Zita anayang'ana wamkulu, nayang'ana wamng'ono. Sabata yonse anthu awiriwa sanagwirizanepo pa kanthu. Lero agwirizana, ndipo agwirizana zomutsutsa iye. Sanadziwe ngati akulakwa kapena ayi. Chimene ankadziwa n'chakuti dzuwa linali likukwera.

Amayi anayamba kufika, ena ndi miphika, ena ndi zikho. Anaima chapatali, akuopa kulowa pachipata chimene kale ankathamangitsidwapo ndi agalu.

Zita anatsegula chigubu. Mkaka wina unatayikira pamapazi ake.

"Oyamwitsa ndi a ana aang'ono ayambe," anatero. "Mukauwiritse musanamwetse ana."

Anathira mphika woyamba, wachiwiri, wachitatu. A Victorino anatseka maso. Horácio anapinda manja, koma mayi wina wokalamba atalephera kusenza mphika wake, anamusenzetsa.

Chakumapeto kwa mzere kunatambasuka dzanja logwira kamphika kothyoka khutu. Zita anakazindikira asanakweze maso.

"Amayi?"

"Thira," anatero a Bernadete. "Usaganize kuti ndasintha maganizo. Khasu lako likukudikira pomwe walisiya." Anayang'ana a Victorino pamene anakhala paja. "Inunso bondolo mukufuna alidule? Mukudikira gombeza?"

Horácio atabweretsa njinga, ulendo uno a Victorino sanakankhe dzanja lake.

6. Alendo pachipata

Ali mkati mokweza nkhalamba panjinga, pachipata panafika anthu anayi. Atatu anali ndi ndodo zoweta. Wachinayi anali bambo wonenepa, wa chipewa chachikulu ndi nsapato zafumbi. Anapereka moni mwaulemu, nati dzina lawo ndi a Caetano, ochokera kufupi ndi malire.

"Ndadzera ng'ombe zanga," anatero. "Sinyolo Barreto anandigulitsa asanachoke. Mawa kukacha tinyamuka nazo."

"Pano sipachoka ng'ombe," anatero Horácio, naima pakhomo pa khola. "Izi ndi za anthu a dziko lino."

"Si iwe unkati ndi za Barreto?" anafunsa Cacilda.

"Zinali za Barreto m'mawa."

"Ngati pali kalata, kalata ndi kalata," anatero a Victorino, koma maso awo anali pa Pintada.

A Caetano anatulutsa pepala lopinda m'thumba la malaya. Linali lolembedwa pamanja, m'Chipwitikizi. Horácio analitenga, nalitembenuza, nayendetsa chala pa mzere woyamba. Zilembo zopotanazo zinamukanika. Mwa onse amene anali pamenepo, Zita yekha ndiye anamaliza kalasi yachinayi kwa ansembe. Analandira pepalalo atapukuta manja pa chitenje.

Anawerenga pang'onopang'ono, akumasulira. Ng'ombe makumi awiri ndi zinayi. Mathole asanu ndi anayi. Zigubu ndi ndowa zonse. Kenaka anaima.

"Pitiriza," anatero amayi ake.

"Akuti ng'ombezi zinazolowera manja amodzi. Choncho wokama wodalirika kuposa onse apite nazo, akakhale komweko."

Anthu onse anatembenukira kwa a Victorino. Nkhalambayo inagwira phewa la Horácio n'kuyesa kuimirira ndi mwendo umodzi. Inakonza kolala ya malaya ake ong'ambika.

"Bondoli lipola," inatero. "Auzeni andidikire masiku atatu."

Zita anayang'ananso papepala. Anawerenga mzere womaliza kawiri chamumtima, poganiza kuti mwina waona molakwa.

"Agogo," anatero motsitsa mawu, "dzina lalembedwa apa si lanu."

"Nanga ndi la ndani?"

Kamphika ka a Bernadete kanapendekeka, mkaka n'kuyamba kudonthera pansi.

"Ndi langa," anatero Zita.